Membala akalowa pa webusaiti ya gulu lanu, afikire pati?

Mlendo akati "odi", mwininyumba samangoyankha kuti "lowani" n'kumusiya ali chiimire. Amamulozera pokhala: wina pakhonde, wina pabalaza, wachibale amapitirira mpaka kukhitchini. Webusaiti ya mamembala nayonso imayenera kuyankha funso lomweli. Munthu akalemba dzina lake ndi pasiwedi n'kudina batani lolowera, makina amamutengera patsamba linalake loyamba. Tsamba limeneli ndizilitchula kuti pofikira.

Ine ndimakonza ndi kusamalira mawebusaiti ang'onoang'ono kuno ku Chipata, a makopaletivi a alimi, a sukulu, ndi a magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama. Pamsonkhano woyamba makomiti amataya nthawi yaitali pa mtundu wa utoto ndi chithunzi choika pamwamba, za pofikira osafunsa n'komwe. Pakapita miyezi iwiri foni imayamba kulira: "Ndalowa, koma chomwe ndimafuna sindikuchiona." Ngati komiti yanu ili pafupi kusankha, izi ndi zomwe ndikanakuuzani tikanakhala pamphasa imodzi.

Miyeso yomwe ndikugwiritsa ntchito

Pali njira zingapo zosankhira pofikira, ndipo iliyonse ndiiyeza ndi miyeso inayi: mtengo, kupezeka, kusamalira ndi zoopsa. Mtengo uli m'matumba awiri. Thumba loyamba ndi la gulu, ndalama zolipira wokonza. Lachiwiri, lomwe makomiti amaiwala, ndi la membala amene wagula bandulo yake ya MTN, Airtel kapena Zamtel. Tiyerekeze kuti pofikira pali zithunzi zolemera 3 MB, ndipo mlimi amalowa ka 8 pamwezi. Ndi 24 MB yotha asanawerenge chilichonse. Tsamba la mawu okhaokha la 200 KB silingakwanitse ndi 2 MB yomwe pamwezi wonse.

Kupezeka kulinso pawiri: ngati njirayo ilimo kale mupulogalamu yomwe mukugwiritsa ntchito, komanso ngati tsambalo lingatseguke pamene netiweki ikuzimazima. Tsamba lotseguka msanga munthu atakhala pafupi ndi msika wa Kapata silitseguka chimodzimodzi kumidzi ya ku Vubwi kapena ku Chipangali.

Kusamalira ndi funso lakuti adzazikonza ndani wokonzayo akasamukira ku Lusaka. Zoopsa ndizo zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa kuno foni imodzi imagwiridwa ndi manja ambiri, ndipo kuyambira mu 2021 dziko lathu la Zambia lili ndi lamulo la Data Protection Act, lomwe limapatsa udindo aliyense wosunga zokhudza anthu ena. Kopaletivi yosunga maina, manambala a zitupa za NRC ndi ngongole za mamembala ili mkati mwa lamuloli.

Chinthu chimodzi ndinene msanga, chifukwa chikukhudza njira zonse: pofikira si loko. Kulozera mlendo pakhonde sikukhoma chitseko cha kuchipinda. Ngati tsamba la msungichuma lilibe chitetezo chakechake, membala wodziwa adiresi yake adzalitsegula ngakhale inu mutamufikitsa kwina.

Kusiya mmene pulogalamu inabwerera

*Mtengo:* palibe cholipira.

*Kupezeka:* zilipo kale, koma muzidziwe bwino. WordPress, Django ndi Moodle ndi mapulogalamu omangira mawebusaiti, ndipo Moodle ndi ya maphunziro. WordPress imatengera oyendetsa webusaiti ku tsamba la wp-admin, pamene membala wamba, yemwe alibe mphamvu yolemba nkhani, imamuponya patsamba losinthira dzina ndi pasiwedi yake. Django imatumiza munthu ku adiresi ya /accounts/profile/, tsamba lomwe kulibe mpaka wokonza atalimanga, choncho wolowa amalandiridwa ndi uthenga wa 404, wonena kuti tsambalo silinapezeke. Moodle ndiyo ili bwinoko, imafikitsa munthu patsamba loonetsa ntchito zake ndi masiku ofunika.

*Kusamalira:* palibe, kupatula kuyankha mafoni a anthu osochera.

*Zoopsa:* mlimi amene amafuna kudziwa tsiku lolandira feteleza akapezeka patsamba la mabokosi a Chingerezi amaganiza kuti walakwitsa. Ena amayamba kudinadina n'kusintha imelo yawo mwangozi, mawa lake osathanso kulowa. Pa WordPress njira imeneyi sindiilangiza kwa gulu lililonse lokhala ndi mamembala wamba.

Onse afikire pabwalo limodzi

Apa aliyense, kaya ndi a tcheyamani kaya membala wolowa dzulo, amafikira patsamba limodzi la zidziwitso: tsiku la msonkhano, tsiku lomaliza kupereka ndalama za FISP (ndondomeko ya boma yothandiza alimi ndi feteleza ndi mbewu), tsiku lomwe lole ibwera kudzanyamula matumba opita ku depoti ya FRA (bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga), mtengo womwe ogula soya kapena nshawa akupereka sabata ino.

*Mtengo:* wochepa kwambiri. Ndi ntchito yosafika ola limodzi kwa wodziwa. Kwa membala ndiyo njira yosunga bandulo kuposa zonse, bola muletse zithunzi zazikulu. Popeza tsambalo ndi lofanana kwa onse, seva, kompyuta yomwe imasunga webusaiti, sivutika kulimanga mwatsopano nthawi iliyonse.

*Kupezeka:* paliponse. Mu Django ndi mzere umodzi wa LOGIN_REDIRECT_URL. Mu Moodle woyendetsa amangosankha kuti onse aziyambira patsamba lalikulu. Mu WordPress wokonza amalemba mizere ingapo pa login_redirect, kapena mumaika pulagini (kapulogalamu koonjezera) monga LoginWP, yomwe kale inkatchedwa Peter's Login Redirect.

*Kusamalira:* apa ndiye pali ntchito, koma si ya makina, ndi ya munthu. Bwalo limafuna tsache. Alembi akasiya chidziwitso cha Novembala chili pamwamba mpaka Epulo, mamembala amaleka kuwerenga, ndipo tsiku lomwe mudzaike nkhani yofunika adzaidumpha. Musanasankhe njirayi, tchulani dzina la munthu wosesa ndi tsiku lake, mulembe m'buku la msonkhano.

*Zoopsa:* zochepa. Woyang'ana paphewa amangoona zomwe akanaziona pachikwangwani cha kushedi. Choipa chake n'chakuti wofuna zake zenizeni, monga ngongole yotsala, ayenera kudinanso kamodzi kapena kawiri, ndipo netiweki ikakhala yofooka kudina kulikonse ndi kudikira.

Aliyense afikire kuchipinda kwake

Iyi ndi njira yomwe makomiti amaikonda akangoiona. Membala akalowa, tsamba limamulonjera ndi dzina lake, n'kumuonetsa masheya ake, matumba omwe anapereka, ndalama zomwe akuyembekezera, ndi ngongole yake. Kholo limaona zotsatira za mwana wake ndi fizi yotsala.

*Mtengo:* wokwera kuposa njira zonse. Tsamba lotere liyenera kumangidwa, n'kulumikizidwa ndi kaundula wa gulu. Ngati kaundulayo akadali m'mabuku a pamanja, muwerengerenso masiku olowetsa zonsezo mukompyuta. Seva nayo imagwira ntchito yambiri, chifukwa munthu aliyense amafuna tsamba lakelake, ndiye yotsika mtengo imayamba kutsimphina pamasiku omwe onse amalowa nthawi imodzi, monga tsiku lotulutsa zotsatira za teremu.

*Kupezeka:* mu Moodle zilimo kale, ndipo kuyambira pa Moodle 4.0, yomwe inatuluka mu 2022, mutha kufikitsa ophunzira pamndandanda wa maphunziro awo okha. Ogulitsa katundu ndi WooCommerce, pulagini ya sitolo ya pa WordPress, alinso nalo tsamba la akaunti ya wogula. Koma tsamba la masheya a kopaletivi simudzalipeza lokonzeratu logwirizana ndi malamulo anu, pamafunika womanga.

*Kusamalira:* kwa tsiku ndi tsiku. Nambala yoonekera patsamba membala amaitenga ngati chigamulo. Akatumiza ndalama pa Airtel Money kapena MTN MoMo Lolemba, Lachinayi n'kupeza ngongole isanatsike chifukwa msungichuma sanalowetse, mkangano wayamba. Tikumbuke chaka cha 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ochuluka tsiku lililonse. Maofesi ambiri ankatha masiku osayatsa kompyuta. Tsamba la zidziwitso likhoza kudikira masiku atatu popanda vuto, koma la ndalama likachedwa limanena bodza. N'chifukwa chake pansi pa nambala iliyonse ndimaumirira kuti pazilembedwa tsiku lomwe inalowetsedwa.

*Zoopsa:* pano ndiima pang'ono, chifukwa ndinaziona ndi maso. Ndinamangira kopaletivi ina tsamba lotere, ngongole ya mbewu ili pamwamba penipeni m'zilembo zikuluzikulu, monga mmene tinagwirizanirana ndi komiti. Amayi ena achikulire analibe foni ya intaneti, ndiye anatuma mdzukulu kukabwereka ya mkamwini wawo. Mkamwiniyo anabwera nayo yekha, n'kukhala chapatali mwaulemu wake, mdzukulu akumutchulira pasiwedi. Chinthu choyamba kutuluka chinali ngongole ya apongozi ake. Amayiwo anangofuna kudziwa tsiku la msonkhano. Anandiuza pambuyo pake, mawu ali pansi: "Mwanawe, zimene ndinabisa m'nsalu mwaziyanika pathandala." Zinandipweteka, ndipo kuyambira tsiku limenelo nambala ya ngongole sindiiikanso pofikira. Imakhala kuseri kwa batani lakuti "Onani ngongole yanu", kuti mwiniwake asankhe nthawi yodina.

Pali ngozi inanso yamakina. Mapulagini ofulumizitsa webusaiti amasunga tsamba lomangidwa kale n'kumalipereka kwa aliyense wobwera. Akakonzedwa molakwika amatha kusunga tsamba la membala mmodzi n'kulionetsa kwa wina. Muuzeni wokonza wanu kuti ayese ndi maakaunti awiri pamafoni awiri inu mukuona.

Kumubwezera kumene amapita

Anthu ambiri kuno safika pawebusaiti polemba adiresi. Amafika podina linki yomwe alembi atumiza pagulu la WhatsApp kapena pa SMS. Uthenga umati "mndandanda wa olandira mbewu watuluka", munthu n'kudina, makina n'kumupempha kuti alowe kaye. Funso n'lakuti akalowa apite kuti. Ngati mwakakamiza onse kufikira pabwalo, mwamutaya panjira, ayambe kufunafuna mndandanda womwe anali ataugwira kale m'manja. Njira iyi imakumbukira kumene amapita n'kumufikitsa komweko.

*Mtengo:* nthawi zambiri palibe, ndipo imapulumutsa bandulo chifukwa palibe tsamba lapakati.

*Kupezeka:* mapulogalamu odziwika anabadwa nayo. WordPress imanyamula adiresiyo m'kachidutswa ka linki kotchedwa redirect_to, Django m'kotchedwa next, Laravel, pulogalamu inanso yomangira mawebusaiti, ili ndi intended, ndipo Moodle nayo imakumbukira tsamba lomwe munthu amafuna. Chomwe chimachitika kawirikawiri n'chakuti wokonza amaiphwanya yekha mosadziwa poika lamulo lakuti onse azipita patsamba limodzi.

*Kusamalira:* kochepa. Mukachotsa kapena kusintha adiresi ya tsamba, malinki akale a pa WhatsApp amafera panjira, choncho musamasinthe maadiresi popanda chifukwa. Dziwaninso kuti njirayi siiyima yokha: munthu wolowa popanda linki amafunikabe pofikira, ndiye iyenera kukwatitsidwa ndi ina mwa njira zinazi.

*Zoopsa:* pali imodzi yaikulu, ndipo ndi yodziwika kale. Ngati webusaiti imalola adiresi iliyonse m'kachidutswa kaja, wakuba amapanga linki yoyamba ndi dzina lenileni la webusaiti yanu, koma kumapeto kwake n'kubisako adiresi ya tsamba lake. Membala amalowa bwinobwino kwanu, kenako amaponyedwa patsamba lofanana ndi lanu lomwe likuti "pasiwedi yalakwika, lembaninso", kapena likupempha PIN ya ndalama za pafoni. Bungwe la OWASP, loona za chitetezo cha mawebusaiti, linaika vutoli pamndandanda wake wa zoopsa khumi za mawebusaiti mu 2010 ndi mu 2013. Mankhwala ake alipo: makina azilola maadiresi a m'nyumba mwanu okha. Matsamba olowera omwe amabwera ndi WordPress ndi Django amachita kale zimenezi, ndipo WordPress ili ndi wp_safe_redirect ya ntchito yomweyi. Ngozi imabwera wokonza akalemba tsamba lolowera lakelake n'kudumpha mbali imeneyi. Kuyesa kwake n'kosavuta. Muuzeni aike adiresi ya webusaiti ina m'kachidutswako, alowe, muone ngati makina akana.

Anthu a kuno analandirapo kale mauthenga achinyengo a ndalama za pafoni, ndipo aphunzira kukayikira nambala yachilendo. Linki yokhala ndi dzina la kopaletivi yawo saikayikira. N'chifukwa chake kuyesaku sindikusiya, ngakhale ntchito itachuluka bwanji.

Kufikitsa munthu molingana ndi udindo

Aphunzitsi afikire pamakalasi awo, makolo pa zidziwitso, msungichuma pabuku la ndalama, wolandira katundu kushedi pafomu yolembera matumba.

*Mtengo:* wapakati. Kulemba lamulolo n'kosavuta, chodya nthawi ndi kugwirizana kuti maudindo ndi angati.

*Kupezeka:* mu WordPress pulagini ya LoginWP imachita zimenezi popanda kulemba mizere ya pulogalamu. Mu Django kapena Laravel wokonza amapanga tsamba lapakati losaoneka, lomwe limafunsa udindo wa munthu n'kumulozera njira.

*Kusamalira:* maudindo a m'magulu athu sakhalitsa. Chisankho chikachitika, msungichuma wakale amakhala membala wamba tsiku lomwelo, koma makina sadziwa mpaka wina awauze. Palinso anthu a zipewa ziwiri: mphunzitsi yemwe mwana wake amaphunzira pasukulu pomwepo, mlembi yemwenso ali ndi ngongole ya feteleza. Muyenera kugamula kuti chipewa chiti chili pamwamba, n'kuika linki yoonekera yopita ku chinacho.

*Zoopsa:* apa ndi pamene anthu amasokoneza pofikira ndi loko. Komiti ikaona kuti membala wamba safikira patsamba la ndalama imakhulupirira kuti sangalione. Yesani: lowani ngati membala wamba, mulembe adiresi ya tsamba la msungichuma. Likatseguka, ntchito sinathe. Vuto lina ndi kuzungulirazungulira. Munthu akatumizidwa kutsamba lomwe alibe chilolezo cholionera, tsambalo limamubweza kolowera, kolowerako n'kumubwezanso komweko, mpaka Chrome italemba ERR_TOO_MANY_REDIRECTS. Zikachitikira woyendetsa wamkulu, ndiye kuti nonse mwadzikhomera kunja. Lamulo latsopano liziyesedwa ndi akaunti yongoyesera, woyendetsa ali mkati pakompyuta ina.

Membala asankhe yekha

*Mtengo:* palibe mu Moodle, komwe woyendetsa akhoza kusiyira ogwiritsa ntchito ufulu umenewu. Kwina pamafunika kumanga. *Kupezeka:* kochepa kunja kwa Moodle. *Kusamalira:* wothandiza pafoni amavutika, chifukwa akati "dinani batani lachiwiri" sadziwa chomwe winayo akuona. *Zoopsa:* zochepa. Kwa munthu wolowa kamodzi pamwezi njirayi ilibe phindu, sakafika n'komwe kosankhirako. Imathandiza okhawo amene amakhalamo tsiku lonse.

Ndiye musankhe iti?

Ngati ndinu kopaletivi ya alimi ku Katete, Chadiza kapena Lundazi, komwe mamembala ambiri amalowa pamafoni obwereka ndipo nkhani zimayenda pa WhatsApp, phatikizani ziwiri: wobwera ndi linki abwezedwe kumene amapita, wobwera popanda linki afikire pabwalo la zidziwitso lopanda zithunzi. Pamwamba pake muikepo batani limodzi lalikulu lopita ku zake, ndi lina lotulukira loonekera bwino, kuti wobwereka foni asaibweze akaunti ili chitsegukire.

Gulu losunga ndi kubwereketsana ndalama likhoza kufikitsa munthu patsamba lake, pokhapokha ngati msungichuma amalowetsa manambala tsiku lomwelo la msonkhano. Ngakhale zili choncho, masheya ndi ngongole zikhale kuseri kwa batani. Ngati kulowetsako kumachedwa, khalani pabwalo mpaka mutapeza wodalirika.

Sukulu kapena koleji yogwiritsa ntchito Moodle isavutike ndi zambiri: ophunzira aziyambira pamndandanda wa maphunziro awo, ndipo ufulu wosankha okha muutsegule pokhapokha aphunzitsi ataupempha. Sukulu yomwe webusaiti yake ili pa WordPress, ndipo imalowetsa makolo ndi aphunzitsi pakhomo limodzi, ipite panjira ya maudindo, koma maudindowo asapitirire atatu, ndipo a hedi alembe kuti ndani amasintha udindo mphunzitsi akasamutsidwa.

Mpingo kapena bungwe lachitukuko lomwe zolemba zake sizibisika kwenikweni lifikitse onse pabwalo, basi. Sitolo yaing'ono yolandira maoda pa intaneti ibwezere wogula kumene amapita, chifukwa munthu amene anali pafupi kulipira akapezeka patsamba loyamba amatseka foni n'kupita kumsika.

Pomaliza pali gulu lomwe lilibe munthu aliyense wodziwa makina, ndipo wokonza amangobwera kamodzi pachaka. Inu pewani maudindo, pewaninso tsamba la aliyense payekha. Pemphani bwalo limodzi ndi kubwezera kwa malinki, muyese malinkiwo wokonzayo asanachoke, ndipo akulembereni papepala dzina la pulagini kapena fayilo yomwe lamulolo lili. Pepalalo lisungidwe pamodzi ndi setifiketi ya gulu.